Dothi la Pansi pa Mpoza

Chipatala chachikulu, Blantyre
4 Juni 2024

Okondedwa achemwali a Sabina,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji ku Ngokwe, inu ndi amayi ndi ana? Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira. M'mawa nkhungu imatsika m'phiri n'kudzafika pa zenera la wodi yathu, ndipo nyumba zonse zimaoneka ngati zikuyandama.

Musadabwe kuti ndikulemba kalata. Foni yanga inagwera m'ndowa ndikuchapa matewera. Yobwereka sinditha kulankhulapo, chifukwa wodi yonse imatchera khutu. Mukundidziwa. A Lukiya, aja amabwera ndi mpunga ku msika wa Limbe Lachiwiri lililonse, avomera kumatinyamulira makalata.

Ida anamuchita opaleshoni Lachinayi lapitali. Adokotala anandijambulira papepala kuti ndimvetse. Akuti chiwindi chimapanga ndulu, ndipo nduluyo imatsika ndi kanjira kopita m'matumbo. Mwana wanga anabadwa kanjirako kali kotseka. N'chifukwa chake maso ake anachita chikasu, ndipo chimbudzi chake chinali choyera ngati ufa. Si mkaka wanga woipa monga ankanenera anthu pa mjigo. Amayi muwauze zimenezo. Ndiye atenga thumbo lake lomwe n'kulilumikiza ku chiwindi kuti ndulu ipeze podzera. Tsopano tikudikira. Thewera lililonse ndimalitsegula ngati kalata. Likadzaoneka lachikasu kapena lobiriwira, ndiye kuti njira yatseguka. Mpaka lero n'loyerabe.

Kuno kuli anamwino ena, a Hellen, ogwira ntchito ya kafukufuku. Anandiwerengera pepala, anandifunsa kawiri ngati ndamva, ndipo ndinasayina. Amatapako chimbudzi cha Ida pang'ono ndi kasipuni n'kuika m'kabotolo. Akuti m'mimba mwa munthu aliyense, ngakhale mwa abishopu, muli tizilombo tosaoneka ndi maso, tambiri kuposa mchenga. Tina n'tabwino, timathandiza kugaya chakudya. Tina n'toipa. Ndulu ili ngati m'busa wa tonseto. M'busa akasowa, toipa timachuluka, ndipo tikhoza kukwera ndi njira yatsopano ija mpaka ku chiwindi n'kuyambitsa kutentha thupi. Ndiye akufuna adziwe kuti m'mimba mwa ana odwala ngati Ida mukukhala ndani.

Chimvereni zimenezi, masana Ida akagona ndimayandikitsa khutu pafupi ndi bandeji lake. Ndimamva kulira pang'onopang'ono, ngati msika wa Nselema ukamamveka uli kutali. Ndimaganiza kuti muli timisewu ndi timabanja, ena akupita kotunga madzi, ena akukangana. Mwana wa masabata asanu ndi atatu wanyamula mudzi wonse, ndipo iye sakudziwa.

Bambo ake, a Japhet, anabwera Lamulungu kuchokera ku Balaka, koma anabwerera tsiku lomwelo. Thonje layamba kulowa ndiye kuntchito sakuwalola.

Munditumizireko chitenje china ndi mbatata. Kodi mbuzi yanga ija yabereka?

Ndine mng'ono wanu,
Maness

*

Ngokwe
9 Juni 2024

Iwe Mane,

Ife tili bwino, kaya iwe ndi kamayi kathu Ida? Mbuzi yako yabereka mapasa. Nandolo wachita maluwa munda wonse. Chitenje ndi mbatata ndi izi.

Kalata yako ndinawawerengera amayi ali pamphasa akutongola chimanga. Za opaleshoni anangogwedeza mutu n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda. Za mkaka anati akawauza okha a pa mjigo, ndipo anapitadi, ndowa ili yodzaza kale. Koma nditafika pa kasipuni ndi kabotolo, manja awo anaima.

"Tabwereza pamenepo."

Ndinabwereza.

"Chimbudzi cha khanda timachikwirira ndi khasu, ngakhale galu asachione. Iye akupatsa munthu wosamudziwa? M'botolo?"

Ndiye akuti uyankhe mafunso awa. Mabotolowo amapita kuti? Amawasunga ndani? Akamaliza adzatibwezera? Apa ine ndinaseka, ndinati atibwezere kuti tikathire m'dimba kodi? Anandigenda ndi chitsononkho, chinandipeza pakhutu.

Koma usaone ngati akukwiya ndi iwe. Ndi mantha. Sadya bwino chichokereni iwe. Dzulo ndinawapeza atanyamula kachipewa ka Ida, kamene unaiwala pa chingwe, akungokatembenuza.

Ine zondidabwitsa ndi zina. Iwe amene unkabisala kuseri kwa nkhokwe alendo akafika, iwe amene a Japhet anakufunsira miyezi inayi usanawaonetse mano, lero ukusayina mapepala a achipatala? Blantyre ndi mankhwala ndithu. Mwina nanenso ndipite akandipatse manyazi ako otsalawo, andithandize.

Uzidya, wamva? Ndikukudziwa, pamzere wa chakudya umasiyira anthu malo mpaka mphika kutha.

Ndine mkulu wako,
Sabina

*

Blantyre
11 Juni 2024

Okondedwa achemwali,

Zikomo chifukwa cha katundu. Ndikulemba mofulumira, a Lukiya akhala pabenchi panja akundidikira.

Zimene ankaopa adokotala zachitika. Loweruka thupi la Ida linatentha ngati mwala wa padzuwa. Akuti tizilombo toipa takwera ku chiwindi. Amuika diripi pa kadzanja, ndipo mankhwala amphamvu azilowa momwemo masabata atatu kapena kupitirira. Sakulira kwambiri. Amangondiyang'ana ndi maso ake achikasu ngati munthu wamkulu amene akudziwa nkhani koma sakufuna kundidandaulitsa.

Mafunso a amayi ndinali nawo ndekha kale. Ndinatenga masiku awiri ndikuyeserera mumtima, kenako ndinawafunsa a Hellen dzulo. Sanakhumudwe. Anapempha mayi wa bedi loyandikana kuti andionerere mwana, n'kunditengera kumene amasunga. Kuli firiji yaikulu, ukaitsegula imatulutsa utsi wozizira. Pamabotolo palibe dzina la munthu, pali manambala okha. Ida ndi 47. Palibe angadziwe kuti ndi mwana wa ndani, wa mudzi uti. Akamaliza kuyeza amawotcha. Amayi muwauze choncho.

Kenako anandiuza kuti nditsinzine diso limodzi ndiyang'ane m'makina oonera tinthu tating'ono. Achemwali, poyamba ndinaona mdima wokha ndi nsidze zanga. Kenako kunayera. Ndinaona ngati mpunga wotayikira pansalu yofiirira, ndi timadontho tolumikizana ngati mikanda ya m'chiuno. Ndinaiwala kuti ndili mu Blantyre. Ndinkaona ngati ndauluka ndikuyang'ana mudzi kuchokera kumwamba, anthu onse atangoima chilili kundidikira kuti ndiwapatse moni.

Koma anandiuzanso chinthu chimene chandikhala pamtima. Mankhwala a m'diripi sasankha. Amayenda ngati moto wa m'tchire mwezi wa Okutobala, kupsereza toipa ndi tabwino tomwe. Ndinafunsa kuti nanga tabwinoto tidzachokera kuti. Akuti mwana amatitenga kwa mayi ake pobadwa, mu mkaka, m'manja mwa omulera, ndi kwawo kumene akukulira.

Mawu akuti kwawo ndi amene sakundichoka. Ida wakhala kwathu masabata asanu okha. Tsopano mimba yake ili ngati munda wopserera. Masana ndikawodzera pampando ndimaona phulusa lokhalokha, ndi mphepo ikuliulutsa, popanda woyendamo. Ndimalakalaka tizilombo takwathu tikanadziwa njira ya ku Blantyre, tikanabwera kudzamangamo nyumba.

Thewera n'loyerabe.

Ndine,
Maness

*

Ngokwe
16 Juni 2024

Mane,

Moni kwa iwe ndi mwana. Amayi akuti lero ndilembe mawu awo momwe akutulukira, ndisaonjezere mchere. Ndi awa.

"Mwana wanga Maness. Za mabotolo ndazisiya, poti palibe dzina. Koma zimene akunena anamwino akowo, ine ndazimva kuposa iweyo, chifukwa ndinaziona ndi maso.

"Unali wamng'ono chaka chimene tinatsegula munda wakumtunda n'kudzalamo soya. Anamera, koma anakana kukula. Masamba anachita chikasu ngati maso a Ida. Alangizi atabwera anazula phesi limodzi n'kutionetsa mizu, inalibe timibulu tija timakhala ku mizu ya soya. Anati m'dothi muno mulibe tizilombo tothandiza soya. Anati pitani ku munda wakale umene soya anazolowera, mukatape dothi, mudzawaze muno. Ine ndi malemu bambo ako tinasenza madengu anayi. Anthu ankatiseka kuti tikusamutsa munda pamutu. Chaka chotsatira omwewo anabwera kudzapempha mbewu.

"Ndiye wati mimba ya mwana yapserera, tabwino tatha, ndipo timachokera kwawo. Nanga kwawo kwa Ida ndi kuti? Ndakumba pansi pa mpoza kuseri kwa nyumba, pamene tinakwirira mchombo wake. Dothi lake ndi ili, ndamanga m'kansalu. Uviike m'madzi, usefe, umumwetse kasipuni kamodzi m'mawa, masiku atatu. Usawiritse, ungaphe mbewu. Adokotala usawavutitse ndi mafunso. Iwo achita mbali yawo, iyi ndi mbali yathu. Undiuze tsiku limene wayamba kuti nanenso ndiyambe novena, mapemphero a masiku asanu ndi anayi."

Atha pamenepo.

Tsopano ndine Sabina. Ine sindikudziwa, Mane. Ndikanakonda akanatumiza chithumwa, ndikanakuuza kuti ungochiponya m'thumba basi. Koma izi zikumveka zanzeru, ndipo n'zimene zikundiopsa. Nkhope yawo yawala koyamba chichokereni iwe. Adya mpaka kupempha zina.

Sabina

*

Blantyre
25 Juni 2024

Achemwali,

Iyi musawawerengere amayi. Mukawerenge muli nokha.

Moni ndapereka. Sabata yatha sindinalembe, ndinangowauza a Lukiya kuti akanene kuti ndalandira.

Kansalu kaja ndinakamasula nditatembenukira kukhoma. Fungo lake, achemwali! Ndinanunkhiza kamodzi, wodi yonse inachoka. Ndinali kuseri kwa nyumba yathu mvula yoyamba itangodutsa, nkhuku zikupalasa, inu mukundiitana kuti ndibweretse lichero. Munali kamuzu koyera ndi kachidutswa ka tsamba la mpoza. Ndinakhala nako masiku awiri m'chitenje, pamtima.

Ida sakusintha. Thupi limazizira m'mawa, masana latenthanso. Pasikelo watsika. Ndiye Lachinayi m'mawa ndinatenga kapu yanga ya tiyi, ndinaviika, ndinasefa monga ananenera amayi. Madzi anaoneka ofiira bwino. Ndinatunga ndi sipuni. Ida anatsegula kukamwa yekha, mukudziwa momwe amachitira ana, amakhulupirira chilichonse chochokera m'dzanja la mayi. Dzanja langa linanjenjemera mpaka madzi anatayikira pabulangete. Ndinaika kapu pansi pa bedi.

A Hellen atabwera ndinawafunsa mozungulira. Ndinati, "Kodi mwana wina, wa kwina, wodwala ngati Ida, atamwa madzi a dothi lakwawo, zingamuthandize?"

Anayang'ana banga lofiira pabulangete, kenako ine. Anakhala pansi pambali panga n'kutsitsa mawu.

"Mwana winayo wamwa kale?"

"Iyayi."

"Ndiye mayi ake mukawauze kuti achita bwino kudikira. Tizilombo ta m'dothi ndi ta mizu, si ta matumbo a khanda. Ndipo m'dothi muli tina toopsa. Njira imene tamutsegulira mwanayu ilibe chitseko, chilichonse cholowa m'matumbo chikhoza kukafika ku chiwindi. Kutentha kumene akulimbana nakoku n'kokwanira. Kwina sangakupirire."

Sanandikalipire. Anangofunsa kuti amene anaganiza zimenezi ndi mlimi wa soya kodi. Nditavomera anamwetulira, anati ndi munthu wanzeru, wangolakwitsa munda.

Madziwo ndinakathira pa duwa lina panja. Koma amayi ndiwauza bwanji? Chibadwire sindinawayankhepo. Akati khala ndimakhala. Ndipo inu mwati nkhope yawo yawala. Chonde, achemwali, muwauze kuti ndinamumwetsa masiku onse atatu. Ndidzaulula kwa abambo mfumu tchimo langa ndi lanu lomwe.

China n'chakuti mkaka wanga ukuchepa. Chakudya sichikulowa, ndipo kukhitchini ya odikirira odwala mafuwa amakhala ndi eni ake. Ndimaima ndi kapoto kanga mpaka ndimabwerera. Ida amakoka, amasiya, amandiyang'ana.

Mundipempherere.

Maness

*

Ngokwe
30 Juni 2024

Mane mng'ono wanga,

Moni ndilibe, ndili ndi pepani. Zalakwika.

Tsiku limene kalata yako inafika ine ndinali ku Ulongwe, ku maliro a amalume awo a alamu ako. A Lukiya anangowapatsa amayi. Iwo anadikira tsiku limodzi, mtima unakana, anavala mpango n'kupita nayo kwa a Walter akatekisiti. Ukuwadziwa a Walter, amawerenga chilichonse ngati kalata ya Paulo Woyera kwa Akorinto. Anaimirira, anakonza magalasi, anayamba mokweza kuti, "Iyi musawawerengere amayi." Akuti anaima pamenepo, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. Amayi anati, "Pitirizani, aphunzitsi." Anawerenga yonse, mpaka bodza limene unandipempha.

Nditabwera ndinayembekeza mkuntho. Sanakalipe. Anangonena kuti, "Mwana uja ndi wamantha, dzanja lake limanjenjemera. Langa silinjenjemera." Atenga khasu, akumbanso pansi pa mpoza. Ndawauza zimene ananena anamwino, akuti namwino sanalimepo soya. Ndinaimbira a Japhet ku Balaka kuti awaletse, akuti mkamwini angatsekereze bwanji apongozi panjira, ndipo kuntchito sangachoke mpaka Lamulungu likudzali.

Ndiye amayi, munthu amene sanadutsepo Liwonde, akubwera Lachiwiri ndi a Lukiya. Ndilibe wina womutuma msanga. Kalata ino ikufika m'manja mwako iwo ataima kale patsogolo pako.

Ine ndikanakhalapo ndikanalankhula, ukundidziwa pakamwa panga. Koma kumeneko kuli iwe wekha, ndipo mwanayo ndi wako.

Sabina

*

Blantyre
9 Julaye 2024

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji inu ndi ana? Kalata yanu ndinaiwerenga zonse zitachitika kale. Ndikufotokozerani mwa dongosolo.

Anafika masana, nthawi yoonera odwala. Ndinali nditawodzera, ndipo nditatsegula maso ndinaona amayi pakhomo la wodi atavala chitenje cha mpingo, dengu pamutu, kumbuyo kwawo kuli nkhungu yokhayokha. Ndinayesa ndikulotabe. Anayenda pakati pa mabedi pang'onopang'ono ngati akuwoloka mtsinje. Ndinagwada kuwapatsa moni. Anayankha bwinobwino.

Anamuyang'ana Ida nthawi yaitali. Anamugwira timapazi, anaona diripi, anaona chipsera cha pamimba. Kenako anatsitsa dengu n'kutulutsa botolo. Anali ataviika kale kunyumba, ndi madzi a pa mjigo wathu.

"Mukhazike pamiyendo."

Ndinamukhazika. Thupi langa linamvera lokha monga limachitira masiku onse.

"Mudzutse mutu."

Ndinamudzutsa mutu. Anathira m'sipuni, ndipo dzanja lawo silinanjenjemeredi. Ndinaona sipuni ikubwera, madzi ofiira ali phee, nyali ya kudenga ikuonekera m'katimo. Ida anatsegula kukamwa.

Ndinaika chikhatho changa pakamwa pake.

"Iyayi, amayi."

Sindikudziwa kuti mawuwo anatuluka mokweza bwanji, koma mayi wa bedi loyandikana anasiya kutafuna.

"Wati chiyani?"

"Ndati iyayi."

"Chotsa dzanjalo, Maness. Ine ndinalera ana asanu ndi awiri."

"Ndikudziwa, amayi. Koma dothi ndi la mizu. Ida alibe mizu, ali ndi bala m'kati."

"Ndiye ndasenza ulendo wonsewu kudzapha mdzukulu wanga?"

Misozi yanga inali ikutsika, koma dzanja sindinachotse. Ndinati, "Mwabwera kudzamuchiritsa. Koma mukamumwetsa, akapanda kudzuka, ine ndidzakuyang'anani bwanji? Ndidzakhala nditataya mwana ndi mayi tsiku limodzi. Sindingathe."

Sipuni inakhala m'malere. Ndinawerenga madontho a diripi, anakwana khumi ndi anayi. Kenako anabwezera madzi aja m'botolo osatayako ngakhale dontho, anatseka, n'kutuluka. Ndinawaona pazenera atakhala pakhonde, atafunda chitenje kumutu, mpaka nthawi ya alendo inatha. Ndinayesa apita ndi a Lukiya. Sanapite.

Masiku awiri sanandilankhule. Botolo linali m'dengu, dengu lili pansi pa bedi, ndipo ine ndikapita kubafa ndinkamusiyira Ida mayi woyandikana naye uja, osati iwo. Anaona zimenezo. Zinandipweteka kuposa kukana kuja.

Koma ankayang'ana zonse. Anandiona nditaima kukhitchini ndi kapoto n'kubwerera osaphika. Anaona Ida akukoka bere n'kulisiya. Tsiku lachitatu a Hellen akudutsa, amayi anawagwira malaya.

"Mwana wanga, inu mwakana dothi langa. Chabwino. Nanga mbewu zabwinozo zili kuti?"

A Hellen analoza pachifuwa panga. Anati zambiri zimene Ida akufunika pano zili mu mkaka, ndipo mkakawo ndi umenenso umadyetsa tizilombo tabwino kuti tichuluke.

Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati munda umene akufuna kubwereka.

"Ndiye munda wakale ndi uwu? Wouma chonchi?"

Anatenga botolo lija n'kuwapatsa a Hellen kuti akataye okha. Kenako anatenga kapoto kanga. Sindikudziwa zimene anawauza eni mafuwa, koma pano amayi ali ndi moto wawowawo ndipo azimayi a ku Mulanje amawatchula kuti apampando. Ndikudya phala la soya lothira nsinjiro katatu patsiku, iwo ataima pamutu panga. Ndikasiya pang'ono amati, "Kukana unaphunzira, tsopano phunzira kumeza."

Dzulo ndinadzuka bulauzi itanyowa.

Ndine mng'ono wanu,
Maness

*

Blantyre
16 Julaye 2024

Achemwali,

Moni nonse. Lero mlembi ndine, olankhula ndi amayi. Akuti ndilembe momwe akunenera.

"Sabina. Ife kuno tilipo. Nandolo akayamba kukhwima uziyendera m'mawa ndi madzulo, mbuzi za a Samson zilibe ulemu. Mapasa a mbuzi ya Maness usawasiye panja, kukuzizira.

"Mwana thupi lazizira, lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Diripi achotsa. Loweruka thewera linatuluka la mtundu wa dzungu losakhwimitsa. Ine ndinati silinafike, Maness anati lafika, tinakangana mpaka adokotala anabwera kudzaweruza. Akuti ndulu yayamba kutsika. Maso akadali achikasu koma ayamba kuyera m'mbali.

"Usayambe kuimba nthungululu. Adokotala atikhazika pansi, sanatibisire. Akuti chiwindi chinavulala kale ndipo sangalonjeze za zaka zakutsogolo. Azimwa mankhwala tsiku ndi tsiku, tizibwera naye kuno mwezi ndi mwezi, ndipo thupi likangotentha tisadikire kuti kuche kawiri. Madzi ake onse owiritsa. Ndamva, ndipo ndidzaonetsetsa ndine. Tikhoza kutuluka sabata yamawa. A Japhet akuti adzatichingamira pa Liwonde.

"Dzenje lija ndinakumba pansi pa mpoza ulikwirire, mwana wina angathyokemo mwendo.

"A Walter ukawauze kuti kalata ikanena kuti musawerenge, azipinda. Koma usawakalipire kwambiri. Akanapinda, bwenzi ine ndili kumeneko ndikuyesa kuti mwana anamwa, uyu ali kuno akuuma ndi njala.

"Mng'ono wakoyu wandichititsa manyazi pamaso pa wodi yonse. Mwana amene sanandiyang'anepo m'maso. Ndinakwiya, chakudya chinandikanika. Koma ndikamusambitsa Ida, ndikaona kachipsera kaja kakukwera ndi kutsika, ndimakumbukira pamene inafika sipuni. Panatsala chala chimodzi, Sabina. Akanakhala mwana womvera monga ndinamulerera, bwenzi ine ndita... Iyayi, zimenezo usalembe. Wamva, Maness? Fufuta. Lemba kuti moni kwa onse."

Moni kwa onse.

Achemwali, akuti ndifufute. Ndawauza kuti iyayi.

Maness